Bala la ku Najaf

Najaf, Iraq
14 Malichi 2004

Amake Keziah,

Landila moni m'dzina la Ambuye. Uli bwanji iwe ndi mwana wathu? Apongozi ali bwanji ndi miyendo yawo ija? Ine ndili bwino, kungoti fumbi la kuno likunditsokomoletsa ngati mbuzi.

Choyamba ndikuuze kuti a Cosmas Njobvu anatinamiza. Potilemba ntchito paofesi yawo ku Nyimba paja anati tikukaphika buledi ku Kuwait. Ku Kuwait tinangogonako, kenaka anatikweza malole kutilowetsa mu Iraq mwenimweni, dziko limene Aamelika analanda chaka chatha. Ndili mumsasa wa asilikali a ku Spain, amene anabwela kudzawathandiza kulonda mzinda uno. Chinenelo chawo n'chapachibale ndi Chipwitikizi, ndiye ine mwana wa ku Mozambique ndawala. Chipwitikizi chija umandiseka nacho kuti n'cha othawa nkhondo ndicho chandiika pauvuni waukulu. Akuluakulu akafuna kulankhula ndi ophika amaitana Mateus.

Usachite mantha, kuno kuli zii. Eni mzinda ndi Asilamu a gulu lotchedwa Shiya. Pakati pa mzinda pali mzikiti wa denga lagolide, ndipo pambali pake pali manda aakulu kuposa Petauke ndi minda yake yonse. Ndili ndi mnzanga wakwathu, a Eustace a ku Sasare, aja anafedwa mkazi osakwatilanso. Akaona dengalo amati, "Golide ndinathela zikhadabo kumufuna m'maenje a ku Sasare, kani anamukhoma pano."

Tsopano za kunyumba. Nthochi zikuyenda bwanji pamsewu? Mabasi a ku Chipata akuimabe pa Kacholola? Ndikufunsa chifukwa ndimawadziwa makondakitala aja, pogula nthochi amagwila dzanja m'malo mogwila nthochi. Usamaseke nawo kwambili, kuseka kwako kuja kumamveka mpaka tsidya la msewu.

Ukumbukile zimene amai anatilangiza tsiku lonyamuka. Anati mwamuna akakhala kumalo oopsa, moyo wake umakhala pamphasa ya mkazi wake: mkazi akalowetsapo wina, mwamunayo amavulala komwe aliko. Anatinso mwamuna akagona kunja amadula mwana wake, mwanayo n'kutupa. Mbali yanga ine ndasunga, kuno ngakhale nkhope ya mkazi sitiiona. Iwe sunga yako.

Makalata uzipeleka kuofesi kwa a Njobvu, ndiwo amatumiza kukampani. Undiyankhe msanga.

Ndine mwamuna wako,
Mateus


Kacholola, Nyimba
12 Epulo 2004

Awisi Keziah,

Zikomo chifukwa cha moni. Kalata yanu yafika mailo, ndipo ndawelenga kuti kumeneko kuli zii pamene wailesi ya pagolosale ikunena Najaf m'mawa, Najaf masana, Najaf madzulo. Akuti anyamata a mlaliki wina wa Ashiya aukila asilikali achilendo, ndipo msasa wa a ku Spain auzungulila. Nditamva ndinagwetsa dengu la nthochi basi yonse ikuona. Muli moyo kodi? Ndilembeleni ngakhale mau awili okha.

Ndinakwela lole kupita ku Nyimba kwa a Njobvu, n'kupeza akazi a anzanu ali pakhonde kulila. A Njobvu manje akufuna ukhansala, popeza akhansala akale aja anamwalila ndipo kudzakhala chisankho. Ndiye a chipani china aigwila nkhani yanuyi, akuyenda ndi chimkuzamau kunena kuti a Njobvu anagulitsa ana a eni kunkhondo ya Azungu. Iwowo akutiuza kuti tikachita phokoso kampani idzakwiya n'kukusiyani m'chipululu opanda tikiti yobwelela. Akuti tiziyenda nawo m'misonkhano kukatsimikizila anthu kuti amuna athu ali bwino. Mtima wanga sukufuna, koma makalata anu amadutsa m'manja mwawo, nanga nditani?

Za makondakitala zija ndaseka, kuseka komwe mwaletsako. Bambo inu, muli pakati pa mfuti koma chimene mukuopa ndi kondakitala wa mano achikasu? Ndikakwinya nkhope nthochi adzagula ndani? Zimene amai anu analangiza ndinazimva ndi makutu anga, sindifuna wondibwelezela. Chimene sindimvetsa ine ndi ichi: amai anu anakukokani padzanja kuwoloka malile kuthawa nkhondo, inu mwakula n'kukaifunafuna pandege.

Keziah wasiya bele, koma phala akukana ndipo akutsegula m'mimba. Mukatha kutumiza kanthu ka mkaka, tumizani.

Ndine wanu,
Rhoda


Najaf, Iraq
22 Epulo 2004

Alongo anga a Joana,

Moni kwa inu, alamu ndi ana kumeneko ku Nyampande. Kalatayi muwawelengele amai pang'onopang'ono, atakhala pansi.

Ndavulala, koma ndili moyo. Aamelika anatseka nyuzipepala ya mlaliki wina wachinyamata wa Ashiya n'kumanga mnzake, ndiye anyamata ake ovala zakuda adzuka m'mizinda yonse ya kuno. Masana ena tikutsitsa ufa kuseli kwa khichini bomba linagwa pabwalo, chitsulo chake n'kundilowa m'ntchafu. Nesi wa asilikali anachichotsa ndipo ndayamba kuyenda ndi ndodo. Ndaikamo chithunzi kuti amai aone kuti mwendo ulipo.

Chimene chikundidya si balali. Pamalopo tinali gulu. A Eustace anali pafupi ndi bombalo kuposa ine, sanakalike ngakhale pachala. Amwenye, Afilipino, onse bwinobwino. Chitsulo chinalumpha anthu onsewo n'kudzasankha ine. Pabedi ndakhala ndikusinkhasinkha mau a amai aja. Komanso chichokele kwathu, Rhoda sanandilembele ngakhale kamodzi. A Eustace akuti makalata atsekeledwa chifukwa malole akuwotchedwa mumsewu wa ku Kuwait. Mwina. Koma bala lili pantchafu panga, osati pawo.

Ndikupemphani mupite ku Kacholola kapena ku Nyimba mukaone ndi maso anu. Musakamufunse kanthu, mkazi uja pakamwa pake mpakuthwa, adzakuzungulilani mutu. Mukangoona amene akuyenda naye. Ndikaganiza munthu wina atakhala pampando wanga pakhonde paja, buledi amandipselela muuvuni.

Za ntchito sizikudziwika. Kwawo kwa asilikali athuwa boma linasintha pachisankho, ndipo atsogoleli atsopano alamula kuti onse abwelele, ati nkhondoyi si yawo. Asilikali akumanga katundu uku akuimba, pamene Aamelika akuwayang'ana ndi diso loipa. Ife ophika palibe watiuza kanthu.

Ndine mlongo wanu,
Mateus


Nyampande, Petauke
11 Meyi 2004

Mateus mlongo wanga,

Tithokoze Mulungu amene wakusunga. Ife tili bwino, tikukolola. Amai atamva analila monga analilila tsiku limene tinasiya atate kuseli kwa malile. Atapukuta misozi anayang'ana chithunzi n'kunena liu limodzi lokha: "Mkazi."

Ine sindikonda kunena za anthu, umandidziwa, koma wandituma wekha. Ndinapita ku Nyimba tsiku la msonkhano wa a Njobvu. Mkazi wako ndinamuona ali pampando wakutsogolo m'vaneti yawo, akazi ena onse ali kumbuyo akudya fumbi. Anavala chitenge chatsopano cha chipani, ndi duku lake lomwe. Anakwela pansanja, anamupatsa chimkuzamau, n'kuuza khamu lonse kuti, "Mwamuna wanga ali bwino, a Njobvu ndi munthu wosamala." Wosamala ndithu. Iwe uli chigonele ndi chitsulo m'thupi, iye akuyamikila kusamala kwa mwamuna wina. Potsika a Njobvu anamugwila dzanja, iye kuseka mano onse panja. Zina sindinaone, koma maso a munthu wamkulu safuna kuonetsedwa zonse.

Patapita masiku mkazi wakoyo anabwela kuno, ati kudzafunsa ngati tamva za iwe. Analowa m'khichini ngati mkazi wabwino n'kuyamba kuphika chibwabwa. Atatenga mchele kuti athile, amai anamugwila dzanja n'kumulanda, chifukwa munthu amene wayenda kunja akathila mchele amadwalitsa onse odya. Mkazi wako anachoka pamphika. Ndinamuonetsa chithunzi kuti aone ntchito ya manja ake. Anachiyang'ana nthawi yaitali, analila pang'ono za mwendo, koma funso lake linali lakuti, "Mzungu wamkazi wawagwila paphewayu ndani?" Waona mtima wake? Munthu wolakwa amafulumila kuloza mnzake.

Ndinakuuza kale kuti mkazi wokulila pamsewu waukulu sakhala wa munthu mmodzi. Unamugulila malata usananyamuke, amai ako akugona m'nyumba yodontha. Abale ake mpaka lelo amatitcha othawa nkhondo, ngakhale tinalima dziko lino mpaka manja kuchita zikang'a. Sindinena zambili, mwamuna ndiwe. Ukatumiza kanthu mwezi uno, utumize kuno.

Mlongo wako,
Joana


Najaf, Iraq
28 Meyi 2004

Rhoda,

Moni kwa Keziah. Iwe sindikufunsa, ndamva kuti uli bwino kwambili, wanenepela pampando wakutsogolo.

Zonse zandifika. Chitenge chandifika, duku landifika, dzanja la Njobvu landifika. Kalata yako yokha ndiyo sinafike, kapena unalibe nthawi chifukwa cha misonkhano. Ndimaopa makondakitala, kani wondidyela ndi yemwe ananditumiza kuno. Ndazindikila tsopano chifukwa chake anandiika pamwamba pa maina onse tsiku lija, amafuna ndichoke pakhomo. Ndikatseka maso ndimakuona ukumusekela kuseka kuja unkandisekela ine pamene ndinkagula nthochi zosafuna kudya. Zimandiwawa kuposa ntchafu, ndikunena poyela.

A ku Spain apita, msasa autenga Aamelika. Mlaliki uja ndi Aamelika akuti agwilizana kuleka kuwombelana. Kampani inatiika pamzele n'kunena kuti wofuna kwawo akwele lole, wofuna kutsala asaine chaka china. Anzathu a ku Petauke ndi Nyimba akwela. Ine ndasaina. Ndibwele kudzatani, kudzatsimphina pa Kacholola makondakitala akundiloza kuti uyo bala anamupatsa ndi mkazi wake?

A Eustace anali atakwela kale lole. Ataona kuti ine ndatsala anatsika ndi chikwama chawo, n'kunditukwana pamaso pa anthu. Anati, "Ndiwe chitsilu, bomba lilibe maso. Koma sindingasiye mwana wakwathu yekha ndi mutu wotentha chonchi. Malinga ndi nzelu zakozo ine silingandikhudze, mphasa yanga ndinaipinda kalekale." Asaina nawonso.

Za ukwati wathu alongo anga akambilana ndi ankhoswe. Malata utsale nawo.

Mateus


Kacholola, Nyimba
26 Juni 2004

Awisi Keziah,

Moni ndikupatsani, chifukwa ine kwathu anandilela. Kalata yanu ndaiwelenga pamsewu, dzuwa lili pamutu, ndipo anzanga ogulitsa nthochi anaganiza kuti mwafa. Ndinati ayi, ali moyo, nzelu zokha ndizo zafa.

Ndinakulembelani mu Epulo, ndinalongosola zonse, ngati sinafike kafunseni owotcha malole. Pampando wakutsogolo ndinakhala chifukwa Keziah amadwala ndipo fumbi likanamutsiliza, alamu anga mwanayo sanamuone pamiyendo panga? Maso awo amaona duku koma mwana ayi. Chitenge anapatsa akazi tonse. Mau aja anatilembela a Njobvu, ndipo ndinawanena kuti inu musatayidwe m'chipululu. Ndinanama pamaso pa Nyimba yense kuti mubwele, inu n'kusaina kuti musabwele. Anzanu afika, akazi awo akuwaphikila, ine ndangotsala ndi dzina la hule wa a Njobvu. Munthu wa chimimba ngati mtsuko uja, mwandiona bwanji kodi?

Amai anu anandilanda mchele m'dzanja ana akuona. Chibadwile sindinachitepo manyazi otele.

Manje mvelani zanga. Keziah watupa. Mapazi atupa, nkhope yatupa, tsitsi lafiila. Amai anu sananene mbali imodzi tsiku lija, ananena ziwili. Ngati bala lanu ndi ine, kutupa kwa mwanayu ndi ndani? Munalemba kuti kumeneko ngakhale nkhope ya mkazi simuiona. Nanga uja wa pachithunzi ndi ngamila? Ndinamuyang'anitsitsa bwino. Dzanja lake silinagwile phewa ngati la nesi, zala zalowa m'kolala, ndipo inu mukumwetulila kumwetulila kumene ine sindinakuonepo chikwatilane. Chipwitikizi chanu chija chinagwila ntchito, munawala ndithu. Munkamuuza chiyani pamene amakusambitsani ntchafuyo? Ndikaganiza zimenezi mtima umandinyamuka, ndimafuna kuchilanda chithunzicho n'kumuboola maso ndi singano.

Azakhali anga akuti mwanayu sangachile mpaka bambo wake ataulula. Ululani msanga, azakhaliwo atumize mankhwala. Ukwati ungathe ngati mwafuna, koma mwana wanga musandiphele.

Rhoda


Nyampande, Petauke
19 Julayi 2004

Mateus mlongo wanga,

Moni. Tonse tili bwino, amai akudandaula msana chabe. Ankhoswe a mbali zonse anakhala pansi ku Kacholola. Mkazi wako anakana zonse, anabwela ndi mwana wotupa n'kumuika pakati pa bwalo kuti mlandu ndi wako. Sanagwetse nkhope ngakhale pang'ono. Ankhoswe akuti sangamasule ukwati mwini wake asananene komaliza, ndiye akudikila mau ako. Lemba mau amodzi, tithane nazo. Kuno kuli Olipa, mwana wa akatekisiti, waulemu, sadziwa ngakhale mtengo wa basi ya ku Lusaka. Amai amukonda kale.

Mlongo wako,
Joana


Najaf, Iraq
30 Ogasiti 2004

Amake Keziah,

Moni kwa iwe, kwa mwana, kwa apongozi. Ndikupempha uwelenge mpaka pamapeto usanang'ambe.

Makalata ako awili, ya Epulo ndi ya Juni, anafika pamodzi mwezi watha. Ndinawelenga koma sindinakhulupilile, ndinati mkazi wochenjela amadziwa kukonza nkhani. Ya alongo anga yofuna mau omaliza inafikanso, ndipo yankho ndinali nditalilemba kale m'mutu.

Kenaka nkhondo inayambilanso. Pangano lija linatha ngati mame. Aamelika anali ataika boma la eni dziko, koma anyamata ovala zakuda anati limenelo ndi boma la alendo lovala nkhope yachiiraq. Analowa m'manda aakulu aja ndi mumzikiti, ndipo kwa masabata ndege ndi akasinja zakhala zikuswa manda a anthu. Ife tinkaphika buledi usana wonse nthaka ikugwedezeka.

A Eustace amwalila. Unali m'mawa, tikutunga madzi pathanki, iwo atagwila payipi ine ndowa. Amandiseka za Olipa wina amene alongo anga andipezela, ati ndimupeleke kwa iwo popeza ine akazi amandivulaza. Bomba linagwa kuseli kwa thanki. Nditadzuka ndinadzigwilagwila thupi lonse, ndinalibe ngakhale kachilonda. Ndikuuze zoona, chimene chinayamba kubwela m'mutu mwanga n'chakuti, ndiye kuti Rhoda wasiya. Kenaka ndinawaona ali chagada m'matope.

Ndinakhala nawo pansi mpaka anabwela kudzawanyamula. Munthu uja analibe mkazi, analibe chibwenzi, ngakhale wowachapila. Chitsulo chinalumpha ine n'kusankha iwo, monga chinalumphila iwo n'kusankha ine mu Epulo. Ndafunafuna amene anawalakwila pamphasa, sindikumupeza. Anali atakwela kale lole, Rhoda. Anatsika chifukwa cha nsanje yanga.

Nkhondo yaima. Mkulu wina wokalamba wa chipembedzo chawo anabwela kuchokela kuchipatala kunja, analankhula, anyamata aja n'kutuluka mumzikiti kusakanikilana ndi khamu. Boma likuti lapambana, iwonso akuti apambana, nduna zikulozana zala, ndipo maiko ena akuitana anthu awo. Ine ndapempha kubwela, kampani ikuti ndinasaina ndi dzanja langa, pasipoti idzandipatsa chaka chikatha. Mtembo wokha ndiwo autumiza.

Ndalembela ankhoswe kuti ukwati ulipo, ngati iwe ukuufunabe. Za nesi uja palibe kanthu, anapita kwawo kalekale, ngakhale dzina lake ndaiwala. Mwanayo upite naye kuchipatala, ndagwila mwendo wako.

Ndine mwamuna wako,
Mateus


Kacholola, Nyimba
17 Okutobala 2004

Awisi Keziah,

Moni. Tili bwino, kutentha kokha. Kalata yanu sindinang'ambe. Iyi ndatumiza papositi, keyala anandipatsa ndi anthu amene anabweletsa bokosi la a Eustace, chifukwa ofesi ya a Njobvu yatsekedwa.

A Eustace tinawaika ku Sasare. Bokosi linabwela lokhomelatu, abale sanaone nkhope. Munthu amene ankadya yekha pamoyo wake anaikidwa ngati mfumu, mamotoka mpaka kumunda. A chipani china anabwela ndi chitenge chawo kufuna kufunditsa bokosi, achemwali a malemu anachiponya pamoto. A Njobvu anafika ndi mbuzi ndi matumba a ufa, achinyamata anawathamangitsa ndi miyala, mbuzi yokha ndiyo inatsala. Pachisankho a Njobvu anagwa, ndipo akuti ali ku Lusaka. Wopambanayo pamanda analumbila kuti adzakubwezani kwanu ndi manja ake. Mailo ndinapita kukamukumbutsa, anandifunsa kuti Mateus wake uti.

Alamu anga ndi amai anu analipo pamalilo. Ife akazi tinali kumoto, ndipo mphika wa nyama ya mbuzi ija unagwela ine. Nthawi yothila mchele itakwana ndinapinda manja, ndinati abwele wa dzanja loyela. Akazi onse anadziwa chimene ndimatanthauza, chifukwa nkhani yanga inafika kale mpaka ku Sasare. Apo a Joana ananyamuka, anatenga mbale ya mchele n'kundipatsa, maso ali kumbali. Pepani sanatuluke. Ndinathila, osati chifukwa cha iwo koma chifukwa anthu anali ndi njala. Amai anu anadya mpaka kunyambita zala.

Ankhoswe ndawauza kuti ukwati ulipo. Olipa afune wake, ndinamuonanso pamalilopo, miyendo ngati ya nkhuku. Koma musaganize kuti mtima wanga wagona. Ine mkazi wanu wamoyo ndinakulembelani zoona kawili konse, simunandimve. Panafunika kuti munthu wabwino afe kuti mundikhulupilile. Zimenezo mudzazisenza nokha, sindikuthandizani.

Keziah wachila. Ndinapita naye kuchipatala kalata yanu isanafike, sindinadikile kulamulidwa. Anamugoneka, anamupatsa mkaka ndi phala la nshawa, kutupa kunaphwa, manje akuthamangitsa nkhuku za eni. Adokotala anati ndi kupelewela kwa zakudya atasiya bele. Mwina. Ndinaiona kalata yanu ya kwa alamu anga, inunso a Eustace atakuuzani za makalata munati mwina.

Chithunzi chija ndinachitenga ku Nyampande, chili m'sutikesi. Mwalemba kuti dzina lake mwaiwala. Ndiye kuti munalidziwa. Nesi wondibaya jekeseni ine sindimufunsa dzina.

Dzisungeni, mukamva kulila kwa bomba gonani pansi, musaime n'kumaganiza za ine. Bwelani ndi miyendo yanu, osati m'bokosi. Ndidzakulandilani pamsewu, ndidzakuphikilani, mchele ndidzathila ndekha. Koma Keziah simudzamunyamula mpaka mutakhala pansi n'kundiuza, mukundiyang'ana m'maso, kuti zala zija zinkafuna chiyani m'kolala mwanu. Inu funso lanu a Eustace anakuyankhani. Langa palibe amene wandiyankha.

Ndine mkazi wanu,
Rhoda